Mphini pa Mwendo Wosalakwa

Lachiwiri, 16 Januwale 2018

Andigoneka m'wodi ya abambo, bedi la pafupi ndi zenera. Mwendo wamanzere watupa kuchokera kuphazi mpaka m'ntchafu, ukutentha, khungu likunyezimira ngati alipaka mafuta. Ndabwera pa kabaza mpaka pa Golomoti, kenako minibasi, buluku nditaling'amba mbali imodzi chifukwa linakana kulowa.

Ndine Laston, wotsegula ndi kutseka mageti a madzi ku sikimu ya mpunga. Munthu wozolowera kuyenda m'mbali mwa ngalande tsiku lonse, lero akundiuza kuti ndisamatsiketsike pabedi. Ndayamba kulemba kuti manja asachite dzanzi, komanso chifukwa adokotala akamalankhula ndimagwedeza mutu ngati ndamva, koma akangotembenuka zonse zauluka.

Akazi anga a Idah atsala kumudzi, mbande za mpunga sizidikira wodwala. Gadiyani wanga ndi achemwali anga aakulu, a Fagness, amene anandibereka kumsana ndili khanda ndipo mpaka lero saiwala kundikumbutsa.

Lachitatu, 17 Januwale

Aunika mwendo ndi makina. Adokotala ndi a Lilian, mwana wa konkuno, bambo awo ankaphunzitsa ku Mua. Akuti magazi aundana mumtsempha waukulu wa m'ntchafu, ndiye obwerera m'mwamba akusowa podutsa. Choopsa n'chakuti choundanacho chikhoza kuthothoka n'kukatseka m'mapapo.

Mankhwala: jakisoni wa pamimba, m'mawa ndi madzulo, dzina lake hepalini. Panado ululu ukakula. Mwendo uzikhala pamwamba pa pilo, ndipo wina asaufinye kapena kuuthowa.

Anesi a Beatrice pondibaya anati, "Bambo, inu a ku mpunga misundu mumaidziwa. Msundu ukakulumani, magazi amachedwa kusiya. Jakisoniyu ntchito yake ndi yomweyo. Ndevu zisiyeni zikule, lezala musaikhudze."

Ndinati chabwino, ndituluka muno ngati mneneri.

Lachinayi, 18 Januwale

Bedi la kumanja kuli a Mustafa, ogulitsa nsomba pa Mtakataka. Ali ndi shuga, ndipo chilonda chawo cha kuphazi chakana kupola kuyambira chilimwe. Pakamwa pokha mpomwe sipanadwale. Atamva zanga anati, "Wallahi, dziko lilibe chilungamo. Ine bala langa likukana kutseka, inu mwatseka popanda bala. Tikanasinthana pang'ono tonse tikanapita kunyumba."

Achemwali matenda anga anawapeza kale, makina asanayatsidwe. Akuti ndaponda mankhwala otchera. Mwezi watha ndinapeza a Feston, oyandikana nafe puloti, atatseka ngalande ndi matope ndi makungwa a nthochi, n'kugumula m'mbali kuti madzi onse alowe kwawo tsiku losakhala lawo. Ndinakanena ku komiti. Potuluka pamsonkhano iwo anati, "Tiona ngati muziyendabe m'ngalande muno."

"Mawu amenewo munawamva nokha, achimwene," atero achemwali. "Lero mukuyenda?"

Ndinawauza kuti munthu akapsa mtima amalankhula zambiri. Anangoti, "Inu mwaphunzira," n'kunyamula mbale. Mawu amenewa akawanena, si kuyamika ayi.

Loweruka, 20 Januwale

Mkodzo wafiira kwambiri. Ndinafuna kutaya msangamsanga koma a Beatrice anaona botolo, n'kuitana adokotala.

"Zayamba liti izi?"

"Kalekale, adokotala. Zimabwera, zimapita."

"Nanga pofika paja bwanji simunanene?"

Ndikananena chiyani? Kwathu mnyamata wosakodza magazi tinkamuseka kuti sanakule. Tonse tinakulira m'madzi, likodzo linali ngati chimfine. Mapiritsi ake ndinamwapo kawiri pa moyo wanga, ndipo m'mawa mwake ndinali m'ngalande momwemo. Adokotala sanakalipe. Aunika mimba Lolemba. Ayeza magazi, ali pa 9. Akuti mwamuna wabwinobwino amafunika 13.

Lamulungu, 21 Januwale

Alendo mbwee! A Idah abwera ndi mpunga ndi nkhwani zotendera, zala zawo zitatuwa ndi madzi. Awokera theka la puloti.

Masana kwatulukira a Feston, chipewa m'manja, phava la nthochi m'jumbo. Akuti komiti yawapempha kuti azitsegula mageti mpaka ndichire. Wakuba madzi amupatsa makiyi! Ndinaseka mpaka mwendo unandikumbutsa. Iwo anaima chogwira bedi, n'kuti, "Achimwene, mawu aja anali a mkwiyo chabe." Achemwali sanawayankhe ngakhale moni.

Atangotuluka, achemwali ananyamula nthochi zija ndi zala ziwiri kuti akataye. A Mustafa anatambasula dzanja. "Mayi, kutaya chakudya n'tchimo. Ngati muli mankhwala, afe ndi wa nsomba." Anadya imodzi, anesi asakuona. Achemwali anawayang'anitsitsa masana onse, ndipo ndikuganiza kuti anakhumudwa pang'ono poona kuti munthuyo akungoyasamula.

Lolemba, 22 Januwale

Anandimwetsa madzi ambiri, n'kuunika m'munsi mwa mchombo. Achemwali anali kokaphika. Adokotala anatseka katani, anakhala pampando, chinthu chomwe sachita.

Muli chotupa m'chikhodzodzo. Akukhulupirira kuti ndi khansa, ya mtundu womwe umabwera likodzo likakhalitsa m'thupi. Chenicheni chikadziwika ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, akakadulako kachidutswa. Madokotala a chikhodzodzo awayankha pafoni kuti andilandira Lachinayi pa 1 Febuluwale, ndipo ambulansi ya kuno ipita tsiku limenelo. Ndikaphonya, malo ena adzapezeka mwezi wa Malichi, pamene chotupa sichidikira. Koma magazi asatsike kupitirira pa 8, apo ayi sakandigwira.

Sindinalire. Ndinafunsa funso lopusa, loti nanga mwendowu ukukhudzidwa bwanji. Anati abwera mawa adzandifotokozere bwino, lero ndipume.

Achemwali atabwera ndi phala anafunsa zomwe makina aona. Ndinati, "Mwendo womwewu." Amuna awo anamwalira ndi khansa ya pakhosi atapita ku Lilongwe komweko, ndipo kuyambira pamenepo iwo amati kumene kuja amatumizako anthu oti akabwere m'bokosi. Akamva, andinyamula kubwerera kumudzi, ndipo ine kukangana nawo sindinapambanepo chibadwire.

Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 23 Januwale

Ndilembe bwino zomwe anena adokotala, ndisanazisokoneze.

Anandifunsa kuti ndikadzitema ndi khasu, magazi amasiya bwanji. Ndinati amauma. Anati ayi, amagwirana. Kuseri kwa mitsempha kumakhala puloteni ina yomwe iwo amaitcha tishu fakita. Masiku onse sikumana ndi magazi. Mtsempha ukang'ambika imakumana nawo n'kudzutsa inzake, makamaka ina yotchedwa thurombini, ndipo magazi amagwirana n'kutseka pong'ambikapo.

"Koma ntchito yake sithera pomwepo," anatero. "Mapuloteni omwewo amagogoda pa maselo apafupi n'kuwauza kuti pali bala pano, chulukanani, kokerani kuno timitsempha tatsopano. Ndi mmene chilonda chimapolera."

A Mustafa, omwe katani siwaletsa kumva, anakuwa kuti, "Adokotala, akagogodekonso kuphazi kwanga!"

Adokotala anaseka n'kutsitsa mawu. Akuti maselo a chotupa amavala puloteni imeneyi pamwamba pawo, yambirimbiri, popanda bala lililonse. Thupi limamva kuitana kuja n'kumatumiza timitsempha ndi chakudya, poganiza kuti likupoletsa chilonda, pomwe likunenepetsa chotupa. Tizinyenyeswa ta chotupacho tikalowa m'magazi, timakaundanitsa magazi kutali, monga zachitikira m'ntchafu mwangamu.

"Ndiye mwendowu sunalakwe?"

"Sunalakwe, bambo. Ndiwo watiuza msanga."

Ndinamvetsa kuposa mmene ndinkafunira. Ndi zija za matope m'ngalande: kumunsi watseka, m'mbali wagumula, madzi onse kwake, uku akulira kuti mpunga wake ukuuma. Ntchito yanga ndi yogwira akuba madzi, ndiye wakuba wabwera kudzamanga msasa m'mimba mwanga.

Jakisoni amuchepetsa pang'ono. Akamusiya, choundana chikhoza kupita m'mapapo. Akamuchulutsa, chikhodzodzo chidontha kwambiri. Awonjezera mapiritsi a magazi, limodzi patsiku.

Lachinayi, 25 Januwale

Chizungulire ndikadzuka. Magazi 8.6. Mwendo waphwa pang'ono kuphazi, ntchafu ili chimodzimodzi. Phala ndasiya theka.

A Mustafa akuti, "Achimwene, mayi aja auzeni. Gadiyani wosadziwa matenda amadwazika zake." Ndawauza kuti asamale nsomba zawo.

Lachisanu, 26 Januwale

Achemwali anachoka m'mawa, abwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Apita kwa sing'anga wina kuseri kwa Golomoti, wapansi kuchokera pamsewu. Atulutsa kabotolo ka mankhwala akuda ndi lezala yatsopano ili m'pepala lake.

"Masiku onsewa akungokubayani pamimba, mwendo uli apo. Kodi wodwala ndi mimba? Amene anatchera anatchera kuphazi, potulukira pake ndi pomwepo."

Ndinati anesi analetsa lezala.

"Analetsa kumeta. Mphini n'kumeta? Ndi ndani anakutemerani muli mwana, mutatsala pang'ono kufa ndi chifuwa? Zipsera zake si izo pachifuwapo? Amayi kulibe, ndatsala ndine. Mukafa ndili chikhalire, ndikawauza chiyani?"

Apa analira. Achemwali kulira n'kosowa, pamaliro a amuna awo ndiwo ankatonthoza anthu. Pakamwa panga panafika mawu oti vuto si mwendo, koma ndinawameza. Ndaganiza kuti timabala ta mphini n'tating'ono, n'chimodzimodzi kukandidwa ndi udzu. Ndikawalola mtima wawo ukhala pansi, ndipo za ku Lilongwe ndiwauza bwino pambuyo pake. Ndavomera kuti anditeme mawa, raundi ya adokotala yoyendera odwala ikatha.

Lamulungu, 28 Januwale

Diripi. Mphamvu ndilibe. Ndilemba mawa.

Lolemba, 29 Januwale

Loweruka cha kumasana ndinauza anesi kuti ndikukaothera dzuwa. Achemwali anandigwiriziza mpaka kuseri kwa khitchini ya magadiyani, komwe amayanika zovala. Anayala chitenje, anatchula mayina a amayi ndi agogo, n'kutema mizere iwiriiwiri pakakolo, pakatumba, pabondo ndi pantchafu. Sizinapweteke kwenikweni. Anapaka mankhwala akuda aja.

Magazi anatuluka akuda bii. Achemwali anaomba m'manja. "Mwaona? Si awo oipa aja! Atuluke onse." Inenso, ndisaname, mtima unati mwina. Kwathu mphini yosatuluka magazi timati sinagwire, ndiye ife poona akuyenderera tinkati mankhwala ndi amphamvu. Tinakhala pansi n'kumaonerera ngati anthu oonerera madzi akulowa m'munda.

Chitenje chinanyowa. Anang'amba china n'kumanga, nachonso chinanyowa. Tinabwerera m'wodi, ndinafunda bulangete kuti anesi asaone, achemwali akuti tidikire pang'ono asiya okha. Za msundu zija ndinazikumbuka nthawi imeneyo, makutu atayamba kulira. Amene anatipulumutsa ndi a Mustafa, poona madontho pansi pa bedi. Anamenya kabati ya pambali pa bedi ndi ndodo yawo n'kukuwa, "Anesi! Munthu akutha kuno!"

Zotsatira ndikuzikumbuka mwa apo ndi apo. A Beatrice akudinikiza thonje, kuuza achemwali kuti, "Gwirani apa, mwamphamvu, musasiye." Achemwali atagwada, manja onse awiri pa mabala omwe anatema okha. Adokotala atafika anayang'ana mwendo, n'kuyang'ana ine osati achemwali.

"Bambo Laston, inu mumadziwa."

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa ndine.

Jakisoni amuimitsa. Mwendo aumanga bandeji. Mkodzo nawo unafiira kwambiri tsiku lomwelo. Magazi atsika kufika pa 6. Mufiriji munali paketi imodzi yokha ya mtundu wanga, andipatsa dzulo, afika pa 7. Ina kulibe. Ino ndi nyengo ya malungo, magazi akangofika amathera kwa ana ndi amayi obereka. Pafunika wachibale kapena mnzanga apereke pofika Lachitatu, apo ayi ambulansi indisiya.

Ndipo tsiku lililonse lopanda jakisoni, choundana chija chili pa ufulu. Ndikatsokomola pang'ono, anesi amathamanga.

Lachiwiri, 30 Januwale

A Idah abwera, awayeza, akuti nawonso magazi ngochepa. A Feston atamva abwera pa njinga osaitanidwa. Magazi awo sanagwirizane ndi anga, koma anati atengeni basi, ndipo apita ku wodi ya ana. Achemwali anawaona akutuluka ndi thonje pamkono, anayang'ana kumbali.

Achemwaliwo za kupereka magazi safuna n'kumva komwe. Chaka chathachi, mphekesera za anamapopa zitafika kwathu, ankagona ndi chikwanje kumutu ndipo anathamangitsa anyamata odzapopera udzudzu. Amati magazi a munthu akalowa m'paketi sudziwa komwe akathere.

Masana ndinawapempha a Idah kuti atisiye awiri.

"Achemwali, khalani pansi. Matenda anga si mwendo."

Ndinawauza zonse, mmene ndinazimvera. Chotupa, likodzo, puloteni yomwe imanamiza thupi kuti pali bala, ambulansi ya Lachinayi. Liwu loti khansa ndinalitchula ndikuyang'ana kudenga.

Anayamba kupinda ndi kutambasula ngodya ya chitenje.

"Mwadziwa liti?"

"Lolemba la sabata yatha."

"Ndiye ine ndikuyenda m'matope kukafuna mankhwala a mwendo, inu mukudziwa? Ndikutema, inu mukundiyang'ana?"

"Ndinkaopa kuti mundibweza kumudzi."

"Ndikanakubwezanidi," anatero. "Koma bwenzi nditakubwezani ndi magazi anu."

Anatuluka. Chakudya chamadzulo anatumiza ndi mayi wina. Pa moyo wanga anandikalipirapo kosawerengeka, koma kundisiya osandikalipira n'koyamba, ndipo kwandipweteka kuposa lezala.

Lachitatu, 31 Januwale

Atulukira raundi ili mkati, atasamba, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi ngati akupita kukaweruzidwa. Anapita kwa a Beatrice, n'kutulutsa lezala ija m'ngodya ya mpango.

"Izi mumataya kuti?"

Anawalozera kabokosi kachikasu ka masingano. Anaponyamo. Kenako anatembenukira kwa adokotala. "Ndinakhetsa ndine. Ndiyezeni."

Magazi athu agwirizana. A Beatrice akuti ku labu achemwali anafunditsa nkhope ndi mpango n'kumapemphera Tikuoneni Maria mokweza mpaka paketi inadzadza, kenako anakana kuchoka. Anakhala pabenchi pakhomo nthawi yonse yomwe ankayeza magaziwo, ndipo anaperekeza paketiyo ndi maso mpaka pa bedi langa, kuti isasochere.

Itapachikidwa, anaima pafupi n'kumayang'ana madontho akutsika. Adokotala akudutsa, anawagwira mkono.

"Adokotala, achimwene akuti chinthucho chimadzikokera timitsempha kuti chizidya. Ndiye magazi angawa, nachonso chidyako?"

Adokotala sanawanamize. "Chidyako, mayi. Koma ambiri adya ndi achimwene anu."

Achemwali anaganiza pang'ono. "Ndiye mukawauze a ku Lilongweko achichotse msanga. Ine ndilibe magazi odyetsa mlendo."



Lachinayi, 1 Febuluwale

Magazi 8.1. Mabala auma. Jakisoni ayambiranso, wochepa. Mpweya uli bwino. Ambulansi yafika, akulowetsa kaye mayi wina wa pa machira.

A Mustafa andipatsa chipewa chawo kuti ku Lilongwe kumazizira, akuti ndidzabweze ndekha, kutumiza salola. Zomwe akandipeze nazo sindikuzidziwa. Adokotala anena poyera kuti mwina akachotsa chikhodzodzo chonse, mwinanso akapeza kuti tachedwa. Mantha alipo, sanapite kulikonse.

Tinagwirizana kuti ku Lilongwe andiperekeza a Idah, popeza achemwali analumbira kuti pa chipatala chija sadzapondanso. Koma potuluka ndapeza mtolo wawo uli kale m'galimoto, mbaula ndi poto atamangirira pamwamba, iwo atakhala pampando wa gadiyani, pulasitala ili pamkono.

"Achemwali, si kuja munati kumabwerera mabokosi?"

"N'chifukwa chake ndikupita," atero. "Magazi anga sindingawatumize okha. Idah akawokere mpunga. Kwerani, mwendowo muike pamiyendo pangapa."